Mafayilo a padi ndi kalata ya maloya: mmene nkhani ina inayendera ku Joni

Ntchito yanga kuno ku Johannesburg ndi yolumikiza makompyuta ndi kusamala maseva (makompyuta osungira mafayilo pa intaneti) a mabizinesi ang'onoang'ono. Si ine loya. Ndanena zimenezi poyambirira chifukwa nkhani iyi inakathera pa tebulo la loya, ngakhale inayambira pa fayilo imodzi imene inkakana kutseguka ku China. Mbali yanga inali ya mafayilo, ndipo ndikulembera anzanga a ntchito ngati yangayi. Eni nkhani anavomera kuti ndilembe, bola maina asatuluke.

Bambo amene anandiitana ndi akwathu, a ku Mangochi, ndipo akhala ku Joni zaka zoposa 10. Ali ndi kashopu ku Mayfair kokonzeramo mafoni ndi makina a masewera a pa TV. Katundu amene amadzaza tebulo lawo kwambiri ndi zogwirira pa masewerawo, zimene anyamata amangoti mapadi: ina batani lamira, ina kandodo kakuyenda kokha munthu asanakakhudze. M'shopumo amathandizana ndi mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene anaphunzirako kujambula zipangizo pa kompyuta.

Awiriwa anapanga chigoba chakumbuyo cha padi chokhala ndi timabatani tiwiri tatitali, todina ndi zala zapakati. Osewera amaudziwa ubwino wake: chala chachikulu sichichoka pa kandodo. Mapadi otere ochokera kunja alipo m'masitolo, koma mtengo wake umafanana ndi lendi ya mwezi ya munthu wogona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni. Iwo ankangochotsa chigoba chakale pa padi ya kasitomala, n'kuikapo chawo, n'kuwotcherera timawaya pa bolodi. Zigoba zoyamba ankazitulutsa pa pulinta ya 3D imene inali pakona pafupi ndi ketulo. Chimodzi chinkadya maola ambiri, ndipo magetsi akathima chili pakati, chinkathera m'bini. Makasitomala atachuluka, anaganiza zosulitsa chikombole chachitsulo ku fakitale ina ya ku Shenzhen kuti zigoba zizibwera m'makatoni.

Fayilo yowola

Munali mu 2023, chaka chimene load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana, inatikwana tonse. Bambowa anandiimbira madzulo ena.

"Achimwene, anthu a ku China akuti fayilo yathu ndi yowola. Tatumiza kanayi konse. Kodi fayilo imawola ngati nsomba?"

Nditafika ndinapeza kuti mnyamata uja ankagwiritsa ntchito FTP, njira yakale yotumizira mafayilo pa intaneti. Anali ndi kaakaunti kotchipa kosungira webusaiti ya shopu, ndipo anatsegulamo foda n'kupatsa a fakitale dzina ndi pasiwedi, zomwezo zimene ankalowera iye mwini. Miyezi itatu m'mbuyomo anali atatumiza kale zojambula zingapo zing'onozing'ono ndipo zinafika bwinobwino, mpaka a fakitale anatumiza mtengo. Imene inavuta inali fayilo yomaliza, yaikulu, imene anapanikizamo zonse pamodzi ngati ZIP.

Chinthu choyamba chimene ndimachita pa vuto lotere ndi kuyerekeza kukula kwa fayilo mbali zonse ziwiri, mpaka bayiti yomaliza (bayiti ndi kamuyezo kakang'ono ka kukula kwa fayilo). Pa seva panali makope anayi. Awiri anali odukira pakati, ndipo nthawi imene anadukira inkagwirizana ndi ndandanda ya kuthima kwa magetsi: laputopu ili ndi batire, koma rauta inalibe. Awiri enawo ankaoneka athunthu, koma kukula kwawo kunkasiyana ndi kwa fayilo ya pa laputopu ndi mabayiti masauzande ochepa. Pa fayilo ya mamegabayiti mazana angapo, diso silingaone kusiyana kotero.

Apa ndi pamene ukalamba wa FTP umaonekera. Njirayi anailemba koyamba Abhay Bhushan mu 1971, ndipo malamulo ake amene tikuyendera mpaka lero ndi a mu RFC 959 ya 1985. Ili ndi mitundu iwiri ya katumizidwe imene timakumana nayo tsiku ndi tsiku. Wina ndi binary, umene umanyamula fayilo mmene ilili. Wina ndi ASCII, umene unapangidwira zolemba, ndipo umasintha zizindikiro za kumapeto kwa mzere panjira, chifukwa Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri pamene Linux imatseka ndi chimodzi. Pa kalata wamba kusinthako n'kothandiza. Pa ZIP n'kupha, popeza mabayiti ofanana ndi zizindikirozo amapezeka mwangozi paliponse m'kati mwake, ndipo paliponse pamene apezeka pamakhudzidwa.

Nanga ASCII inalowa bwanji? Mnyamatayo, posintha dzina la fayilo, anafufuta kamchira ka .zip. Pulogalamu imene ankatumizira, FileZilla, imasankha yokha mtundu poona kamchirako, ndipo ngati munthu sanaisinthe, fayilo yopanda kamchira imaiyesa ya zolemba. Zojambula zoyamba zija zinapulumuka chifukwa zinali ndi michira yake.

Kuti nditsimikize, ndinatsitsa kaundula wa seva, fayilo imene ambiri timaidziwa kuti xferlog. Mzere uliwonse m'menemo umanena tsiku ndi nthawi, adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa makina pa intaneti) ya amene analowa, kukula kwa fayilo, dzina lake, kenako kachilembo kamodzi: a ngati inayenda mwa ASCII, b ngati inayenda mwa binary. Patsogolo pake pali i ngati fayilo inalowa pa seva kapena o ngati inatuluka, ndipo kumapeto kwenikweni c ngati inatha kapena i ngati inadukira panjira. Mizere inayi ya fayilo yathu yonse inali ndi a. Ndinatumiza kaundulayo pa imelo kwa mnyamatayo, nditamulembera kuti, "Taona wekha zilembozi, usadzabwerezenso." Ndinkangofuna kumuphunzitsa. Imelo imeneyo ndi imene inadzatiombola.

M'kaundulamo ndinaonanso china chimene ndinangochidutsa: mizere ya o inali yambiri kuposa mmene ndinkayembekezera, ndipo inkachokera ku maadiresi osiyanasiyana. Ndinadziuza kuti fakitale ili ndi anthu ambiri.

Zimene ndinasankha, ndi pamene ndinaphonya

Kusintha a kukhala b kukanatha vutolo mphindi imodzi. Sindinalekere pomwepo chifukwa FTP imatumiza dzina ndi pasiwedi poyera, osabisa, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene Chrome ndi Firefox anaichotsera m'mapulogalamu awo mu 2021. Ndinawatsegulira seva yaing'ono ya SFTP, njira yotumizira mafayilo imene imayenda m'kati mwa SSH (njira yolumikizirana mobisa) pa port 22, chilichonse chili chobisika, ndipo ilibe za ASCII zosokoneza zija. A fakitale ndinawapatsa akaunti yawoyawo yongotsitsira. Pa rauta tinaika kabatire. Ndinaphunzitsanso mnyamatayo kutulutsa hash ya SHA-256, mndandanda wa zilembo ndi manambala 64 umene uli ngati chidindo cha chala cha fayilo: bayiti imodzi ikasintha, mndandanda wonse umasintha. Tinatumiza fayilo, hash tinailemba mu imelo, a ku Shenzhen anayerekeza n'kuyankha kuti zagwirizana. Chikombole chinasulidwa.

Tsopano pamene ndinalakwa. Posamutsa mafayilo akale kuchoka pa akaunti ya FTP kupita pa seva yatsopano, ndinangowakoka n'kuwaponya, osauza pulogalamu kuti isunge madeti. Ndikanagwiritsa ntchito pulogalamu yokopera mafayilo ya rsync ndi -a wake wosunga madeti, kapena kungodina kabokosi kosunga madeti mu FileZilla, zikanatha. Mafayilo onse anabadwanso tsiku limenelo. Kenako ndinalangiza bambowa kuti atseke akaunti yakale ija, asamalipire chinthu chimene sakuchigwiritsa ntchito. Anatseka, ndipo zonse zimene zinali m'menemo zinapita, kuphatikizapo kaundula. Ndinalandira ndalama yanga n'kumapita ndikudziona ngati katswiri.

Kalata

Makatoni anafika, malonda anayenda miyezi ingapo. Ndiye tsiku lina kunabwera kalata ya masamba anayi yochokera kwa maloya a kampani ina ya konkuno yogulitsa zipangizo za masewera. Inkanena zinthu ziwiri. Choyamba, chigobacho akuti chinkaphwanya patenti, chikalata choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthu chimene munthu anatulukira, ndipo anaika nambala yake. Chachiwiri, maonekedwe a chigobacho akuti analembetsedwa m'dzina la kampaniyo ku CIPC, ofesi ya ku Pretoria yosunga kaundula wa makampani, mapatenti ndi madizayini. Anawapatsa bambowa masiku ochepa kuti asiye kugulitsa, apereke katundu yense wotsala, ndi kunena ndalama zimene anapeza.

Nditafika pa shopu usiku umenewo ndinapeza makatoni atawapanikiza kale m'matumba akuda a zinyalala. Mnyamata anali pa laputopu, foda ya zojambula ataitsegula.

"Amalume akuti ndifufute zonse," anatero osandiyang'ana.

"Achimwene, ine ndine mlendo m'dziko la eni," anatero bambowa. "Sindinabwere kudzalimbana ndi makhoti. Zinthuzi zichoke, akabwera apeze palibe."

Ndinatseka laputopuyo ndi dzanja langa. Pa nkhani yonseyi, ngati pali chimene ndinachita bwino, n'chimenecho. Ndinawauza kuti mlandu suola, ndipo munthu amene wafufuta mafayilo tsiku limene walandira kalata amaoneka wakuba ngakhale asanabe. Ndinawapempha zinthu zitatu: asiye kaye kugulitsa, asayankhe kalatayo okha ngakhale pa foni, ndipo laputopu isayatsidwenso mpaka nditakopera zonse za m'kati mwake.

Chimene chinawaopsa kwambiri chinali chimene mnyamatayo anawerenga pa intaneti. Mabatani akumbuyo kwa padi ali ndi mlandu wake wotchuka ku America. Kampani ya Ironburg Inventions, imene imasunga mapatenti a SCUF, kampani yopanga mapadi, inasumira kampani ya masewera ya Valve chifukwa cha mabatani akumbuyo a padi yake ya Steam Controller, ndipo mu 2021 khoti la ku Seattle, pa mlandu umene unazengedwa pa Zoom, linagamula kuti Valve ilipire madola oposa 4 miliyoni. Nkhaniyo inapitanso ku apilo pambuyo pake. Microsoft inasankha njira ina: inalipira chilolezo kuti iike mabatani otero pa padi yake ya Xbox Elite. Mnyamatayo anatembenuza madola 4 miliyoni kukhala marandi, n'kuwerengera amalume ake mokweza. N'chifukwa chake matumba akuda anatuluka.

Ine pa mlandu wa Valve ndinatolapo china. Kampaniyo inachenjezedwa ndi kalata mu 2014, isanayambe n'komwe kugulitsa, ndipo inapitiriza. Oweruza anapeza kuti inaphwanya mwadala. Choncho kalata yotere siiyenera kuponyedwa pansi pa tebulo, koma si chigamulonso. Tinafunafuna loya wa za mapatenti, osati aliyense wovala suti, ndipo tinapeza mayi wina amene anavomera kutiona pa mtengo wa ola limodzi.

Ola limenelo linagwetsa theka la kalata. Mayiwa anaona nambala ya patenti ija n'kunena kuti ndi ya ku America. Patenti imagwira ntchito m'dziko limene inaperekedwa basi. Kuti munthu aletse mnzake kugulitsa chinthu ku Mayfair, ayenera kukhala ndi patenti ya South Africa, yoperekedwa motsata Patents Act ya 1978, imene imakhala zaka 20 ngati mwini wake akulipira ndalama zapachaka. Atafufuza m'kaundula, sanapeze patenti ya kuno yogwirizana ndi nambalayo, ndipo mwini patenti ya ku America ija sanali n'komwe kampani imene inalemba kalata. Anatiuzanso kuti gawo 70 la lamulo lomwelo limalola munthu amene waopsezedwa ndi mlandu wa patenti popanda maziko kupita yekha kukhoti kukaletsa kuopsezako ndi kupempha chipukuta misozi.

Theka linalo linali lenileni. Dizayini inalembetsedwadi, motsata Designs Act ya 1993, imene imateteza maonekedwe okongoletsa kwa zaka 15 ndi maonekedwe a kagwiridwe ka ntchito kwa zaka 10. Mayiwa anatembenuza sikirini kuti tione zithunzi za m'kaundula. Mnyamata anangoti kakasi. Chinali chigoba chake, mpaka kamzere kopindika kamene anakaika pansi pa batani lamanzere chifukwa chala cha amalume ake chinkaterereka.

"Ndiye boma lawapatsa chinthu chathu?" anafunsa bambowa.

Mayiwa anafotokoza kuti CIPC imaona ngati mapepala adzazidwa bwino ndi ngati ndalama zalipidwa, koma siifufuza ngati chinthucho chilidi chatsopano. Funso limenelo limadikira tsiku limene wina adzatsutse kukhoti. Ndiye anatembenukira kwa ine. Anati pali njira ziwiri: kuonetsa kuti maonekedwewo anali kale poyera kampaniyo isanalembetse, kapena kuonetsa kuti amene anajambula ndi mnyamatayu ndipo sanagulitse umwini kwa wina. Zonse ziwiri zikufuna madeti amene munthu sangawakayikire.

Tsiku limene kampaniyo inapereka mapepala ku CIPC linali pafupifupi mwezi umodzi ine ndisanasamutse mafayilo aja. Ndiye kuti pa seva yanga yokongola ija, fayilo iliyonse inkachitira umboni mbali inayo: inkaoneka kuti inabadwa iwo atalembetsa kale. Ndinamva kutentha m'makutu. Ndinawauza onse pomwepo kuti cholakwa chimenecho ndi changa.

Kusaka madeti

Ndinayamba ndi laputopu. Ndinachotsa hard drive, n'kuilumikiza kudzera pa kachipangizo koletsa kulembapo, n'kuikopera yonse bayiti ndi bayiti, kope limene timalitcha chithunzi, n'kutulutsa hash ya chithunzicho. Hard drive yeniyeni tinaimata mu envulopu n'kuisiya kwa loya. Ntchito yonse yotsatira ndinaichita pa kope. Chifukwa chake chili mu gawo 15 la Electronic Communications and Transactions Act ya 2002: khoti limalandira umboni wa pa kompyuta, koma kulemera kwake limakuyeza poona mmene unapangidwira, mmene unasungidwira, ndi ngati pali chotsimikizira kuti sunasinthidwe.

Madeti a pa laputopu anatithandiza pang'ono chabe. Mafayilo ena mnyamatayo anali atawatsegula n'kusunganso pambuyo pake, ndiye deti linasuntha. Ena anadutsa pa fulashi. Ndipo ngakhale amene anali ndi deti lakale, mayiwa anangopukusa mutu: wotchi ya laputopu mwini wake angaibweze m'mbuyo mmene wafunira. Deti lolembedwa ndi makina ako omwe lili ngati kudzichitira umboni wekha pabwalo la amfumu. Pamafunika deti lolembedwa ndi makina a munthu wina amene alibe nawo mbali.

Zithunzi za pa WhatsApp zinatigwiritsa mwala. Bambowa anali ndi zithunzi zambiri za zigoba zoyamba, koma WhatsApp imafinya chithunzi n'kuchotsa zolembedwa zam'kati zimene kamera imaika, monga tsiku lojambulira, pokhapokha chitatumizidwa ngati document. Foni imene inajambula zithunzizo inagulitsidwa kalekale. Zotsatsa za pa Facebook Marketplace nazo ankazifufuta katundu akagulidwa.

Ndiye ndinakumbukira imelo yanga ija. Inali ikadali m'bokosi la mnyamatayo ndi langa lomwe, kaundula wa FTP ali momwemo. Imeloyo payokha inali ya pambuyo pa tsiku la kampaniyo, koma panthawi imene ndinkaitumiza panalibe aliyense wa ife amene ankadziwa za mlandu, ndipo mizere ya m'kati mwake inkabwerera m'mbuyo miyezi itatu. Inkaonetsa tsiku limene zojambula zoyamba zinalowa pa seva, maina ake, ndi kukula kwake mpaka bayiti. Pa chithunzi cha hard drive ndinapeza mafayilo awiri amene maina ndi kukula kwake zinagwirizana ndendende ndi mizere imeneyo, onse oyenda mwa b. Kukula kofanana si umboni wolimba ngati hash, ndipo ndinalemba choncho mu lipoti langa kwa loya. Koma panabwera chothandizira: imelo ya a fakitale yotchula mtengo, ya sabata yomweyo, inali ndi chithunzi cha chigobacho chimene iwo anachitulutsa pa zojambula zathu, kamzere kopindika kaja kakuoneka. Imelo imeneyo sitinaisindikize pa pepala chabe. Tinaisunga yathunthu ndi mitu yake yam'kati, imene imaonetsa maseva amene inadutsamo ndi nthawi yake, pamodzi ndi siginecha ya DKIM, chidindo chimene seva yotumiza imaika pa imelo kutsimikizira kuti siinasinthidwe.

Apa mpamene ndinabwerera ku mizere ya o ija imene ndinaidutsa. Zojambulazo zinatsitsidwa kuchokera ku maadiresi angapo, ena a makampani a intaneti osiyana ndi amene a fakitale ankalowera masiku onse. Pasiwedi imodzi, yoyenda poyera, yopatsidwa kwa munthu amene angaipatsenso mnzake. Kaundulayo sanganene kuti anatsitsa ndani, ndipo ndinakana kulemba zoposa zimene mizere inkanena, ngakhale bambowa ankafuna dzina la wakuba. Adiresi ya IP si munthu.

Ndinkaganiza kuti tamaliza. Mayiwa anati ayi, ndipo apa ndi pamene ife a makompyuta timasochera. Kutumiza fayilo mwachinsinsi kwa fakitale sikuika chinthu poyera. Umboni wonse umene ndinasonkhanitsa unkathandiza pa funso la amene anajambula, koma pa funso loti kodi chinthucho chinali chatsopano unalibe mphamvu. Pamenepo pankafunika chimene anthu wamba anachiona kapena kuchigula. Panalinso msampha wina: lamulo limalola munthu kulembetsa dizayini pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku limene anaitulutsa poyera, ndipo zikatero utsopano umayezedwa kuyambira tsiku lotulutsalo. Kuti kampaniyo isathawire kumeneko, mayiwa ankafuna umboni wakale kuposa miyezi 6 isanalembetse.

Tinaupeza pa tsamba la Facebook la shopu. Tinapempha Facebook kope la zonse za tsambalo, ndipo m'menemo munali kanema wa masekondi ochepa, woikidwa poyera miyezi yoposa 7 lisanafike tsiku la kampaniyo. Dzanja la mnyamatayo likutembenuza padi, pansi pake anthu akufunsa mtengo. Vuto linali lakuti chigoba cha mu kanemayo chinali cha pa pulinta, chokhakhala, mabatani ake afupiko pang'ono kuposa a pa chikombole. Kodi n'chimodzimodzi kapena ayi? Funso limenelo si langa. Ine ndinangoika zojambula ziwirizo pamodzi, china pamwamba pa chinzake, n'kuonetsa pamene zasiyana ndi mamilimita ake.

Ogula zigoba zoyamba analipo, ndipo ena anali nazobe. Koma atamva kuti akalumbire chikalata, ambiri anazemba. Kuno malumbiro otere anthu amakachitira ku polisi, ndipo mnyamata amene mapepala ake sanalongosoke sangalowe pa chipata cha polisi chifukwa cha padi. Sitinawakakamize. Awiri anavomera titawauza kuti loya wa ofesi ina akhoza kuwalumbiritsa, ndipo mmodzi anabwera ndi padi yake, chigoba chitachita kuda ndi thukuta la m'manja.

Kuti bambowa amvetse chifukwa chimene tinkavutikira ndi madeti chonchi, ndinawasimbira za Nintendo. Mu 2008 khoti la ku Texas linagamula kuti ilipire kampani ya Anascape madola 21 miliyoni pa nkhani ya mapadi. Mu 2010 khoti la apilo linagwetsa chigamulocho, chifukwa patentiyo sinali yoyenera kutengera deti la mapepala akale a 1996 amene eni ake ankadalira. Deti litasuntha, zinapezeka kuti padi ya Sony yotchedwa DualShock inali itatuluka kale. Bambowa anaseka koyamba m'masabata atatu, n'kunena kuti ndiye kuti azungu nawonso amakangana za amene anayamba kulima mundawo.

Yankho ndi zotsatira

Mayiwa analemba kalata ya masamba awiri. Inanena kuti patenti ya ku America ilibe mphamvu kuno n'kutchula gawo 70, inafotokoza umboni umene tinali nawo popanda kuupereka wonse, ndipo inati ngati kampaniyo ipita kukhoti, ife tidzapempha kuti dizayiniyo ichotsedwe m'kaundula pa zifukwa zonse ziwiri.

Yankho linatenga masabata. Litabwera, za patenti sizinatchulidwenso. Kampaniyo inati zigobazo inazigula kwa wamalonda wina ku China ngati katundu wamba wa m'kabuku ka malonda, n'kuzilembetsa kuno poganiza kuti palibe mwini wake. Inavomera kulemba kuti siidzasumira bambowa kapena makasitomala awo, bola nafenso tisapite kukhoti kukachotsetsa dizayiniyo.

Mnyamata ankafuna kumenya mpaka mapeto. Loya anawerengetsa mtengo wa mlandu wa ku High Court n'kuuika pafupi ndi phindu la chaka chonse la zigobazo, ndipo amalume ake anasayina. Ine ndikuona kuti anachita bwino, ngakhale zimawawa: dizayini ya mnyamata wa ku Mangochi ikadali m'kaundula wa ku Pretoria m'dzina la anthu ena, ndipo onse awiri akugulitsa chinthu chimodzi mumzinda umodzi.

Walira mvula walira matope. Kanema wa pa Facebook amene anatipulumutsa ndi yemweyo anatseka khomo la bambowa: popeza anaika chigobacho poyera kalekale, miyezi 6 inali itadutsa, ndipo iwonso sakanathanso kuchilembetsa. Loya anapezanso cholakwa chenicheni chimene kalata ija sinachitchule n'komwe. Pa katoni mnyamatayo anasindikizapo tizizindikiro tinayi ta mabatani a PlayStation, timene ndi chizindikiro cha malonda cha Sony. Makatoni onse anatenthedwa, zigoba zinapakidwanso m'timatumba topanda chizindikiro cha munthu. Anawaletsanso kutumiza zigobazo ku America asanafunse, chifukwa kumeneko mapatenti a mabatani akumbuyo ndi amoyo. Malonda anaima miyezi 4, mwezi wa Disembala uli momwemo, nthawi imene akwathu amagula katundu wopita naye kumudzi pa mabasi a pa Park Station. Pangano ndi fakitale nalo linapezeka kuti linali mauthenga a pa foni basi, opanda mawu alionse oletsa kupangira anthu ena pa chikombole chomwecho.

Kwa ine zinasintha kagwiridwe ka ntchito. Sindisamutsanso mafayilo a kasitomala popanda kusunga madeti, ndipo ndisanatseke akaunti iliyonse ndimatsitsa kaundula yense n'kumusunga pawiri. Munthu aliyense wakunja amalandira akaunti yakeyake imene imafa ntchito ikatha. Kasitomala amene amajambula zinthu zake ndimamuuza kuti nthawi iliyonse wamaliza chojambula, atulutse hash n'kuitumiza pa imelo kwa munthu wina, kuti deti lilembedwe ndi seva imene si yake. Ntchito yobwezeretsa madeti ija sindinawalipiritse bambowa.

Mwezi wathawu ndinadutsa pa shopupo kukasintha kabatire ka rauta. Pa tebulo panali chigoba chatsopano cha mabatani anayi, chitavundikiridwa ndi kansalu. Mnyamata anachivundukula pang'ono kuti ndione, ine n'kutulutsa foni mwachizolowezi.

"Ayi achimwene, bwezani m'thumba," anatero bambowa. "Mayi aja akuti mapepala alowe kaye ku Pretoria."